Mawu a Chiyao Amene Anachotsedwa M'foni Mwanga

Mwanangu Mariamu,

Pamene ndikulemba kalatayi iwe uli ku Liwonde kokalukitsa tsitsi, bambo ako ali kuseri kwa nyumba akulimbana ndi tcheni cha njinga. Ndaona kuti mpata wake ndi uno. Ndikati ndiyankhule nawe maso ndi maso, iwe umandiyankha mwa kukoleji, ine n'kuiwala chimene ndimafuna kunena. Pepala silidula munthu mawu. Uiwerenge mawa basi ikadutsa Balaka, osati pano, ndingachite manyazi.

Ntchito imene ukupitira ku Lilongweyo sindinaimvetse mpaka lero. Azimayi akutchalitchi akandifunsa ndimangoti, "Wapeza ya makompyuta," iwo n'kuomba m'manja, ine n'kuthokoza kuti sanafunsenso zina. Dzana unandikhazika pansi n'kunena kuti, "Amayi, kampani yathu imapanga maapu a m'foni. Ine ndizikayang'ana mmene anthu akuwagwiritsira ntchito: pamene akudina kwambiri, pamene sakudinapo, pamene atopa n'kutseka. Ndikawauza mabwana, iwo azidziwa choti akonze, choti aonjezere ndi choti achotse." Ndinakufunsa ngati uziwaona nkhope anthuwo. Unati iyayi, uziona manambala ndi mizere basi. Ndinakufunsa ngati eni akewo akudziwa kuti ukuwaona. Unati anavomera okha. Ndinangoti eya, koma mutu unali uku ndi uku, chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo, mbali ya odinawo. Iwe nthawi imeneyo unali kukoleji, ndipo zambiri tinkakubisira kuti ungasiye sukulu. Lero uzimve.

Chinali chaka chija mvula inadula chimanga chisanatulutse ngayaye. Kuno kwa Mposa minda inangoti mbuu ngati bwalo la mpira. Nsomba bambo ako ankapha ndithu, koma matemba anga ankangouma kachiwiri pa benchi ku Liwonde. Ndani agule ndiwo m'nyumba mulibe ufa? Anthu anayamba kuphika mango osakhwima. Ena ankalowa m'tchire kukathyola chitedze, chija choyabwachi, n'kumachiwiritsa tsiku lonse akutaya madzi kuti chisawaphe. Ukamatiimbira tinkati tili bwino, wamva, tili bwino, limbikira mayeso.

M'masiku amenewo kunabwera mtsikana wa jekete yobiriwira, dzina lake Tiyamike, wotumidwa ndi kampani ina ya m'tauni. Ankafunafuna anthu okhala ndi foni ya tachi. Mbali yathu ino ndinali ine ndekha, ndi foni ija malume ako ananditumizira kuchokera ku Joni. Anandiikira apu ya tizithunzi. Ukadina pa chitsononkho cha chimanga inkakuuza kumene kukugulitsidwa chimanga ndi tsiku limene lole ifike. Ukadina pa mtambo inkanena za mvula. Ukadina pa kamwana inkanena za umoyo wa ana. Pakona panali kachithunzi ka khutu. Ukadina pamenepo, mayi wina ankawerenga zonsezo mokweza, m'Chiyao chenicheni chapansi, chosasakaniza. Isanayambe kugwira ntchito panatuluka mawu ambirimbiri ang'onoang'ono ngati nyerere. Tiyamike anati, "Dinani apa polembedwa kuti ndavomera." Ndinadina. Ngati kuvomera kumene ukunenako ndi kumeneku, ndiye kuti ndinavomeradi.

Ukuwakumbukira Abiti Juma, aneba athu aja anakubereka kumbuyo uli khanda pamene ine ndinkapita kumsika. Anabwera kudzakwatiwa kuno kuchokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ndipo Chichewa chawo chinathera pa moni ndi pa kugula mchere. Nthawi imeneyo amuna awo anali atamwalira, iwo akulera okha kamdzukulu kawo, Amina. Tsiku limene anamva foni ikuyankhula Chiyao anakhala pansi bwinobwino, n'kukonza nsalu yawo ngati kwabwera mlendo. Mayi wa m'foniyo atamaliza, iwo anawerama n'kumuthokoza kuti, "Sikomo kwejinji, mama." Tinaseka mpaka misozi, kuseka koyamba chiyambire njala. Kuchokera tsiku limenelo mayi uja anapatsidwa dzina loti Abiti Foni. Dzuwa likapendeka khonde lathu linkadzaza azimayi, ena ochokera kutsidya kwa dambo, onse kudzamva kuti Abiti Foni anena chiyani za chimanga.

Kenako kunachitika chinthu chimene chimandiletsa kunena kuti ntchito yako ndi yoipa. Malole a chimanga ankathera ku Liwonde ndi ku Ntaja, kuno osafika. Mwadzidzidzi lole inabwera n'kuima pasitolo pathu pompano. Anthu anathamanga ndi mabeseni. Ndinamuona Tiyamike ataima pamthunzi ndipo ndinamufunsa kuti zatheka bwanji. Iye anati, "Ku ofesi aona kuti kuno mukudina kwambiri pa chimanga, ndiye auza ogulitsa kuti kuno kuli anthu ochifuna." Ndinati, "Aona? Aonera pati?" Anaseka n'kuti, "Foniyo imawauza." Sindinamvetse, koma ufa unalowa m'nyumba. Nkhaniyo itamveka, azimayi ankafika pakhonde n'kumati, "Dinani, make Mariamu, dinani atione!" Ndinkadina mpaka chala kuwawa, ngati ndikusinja. Masiku amenewo kuonedwa kunali kokoma, mwanangu. Munthu wanjala amafuna wina amuone.

Tsono ukakafika kumeneko n'kuona mzere wako wakwera pamalo ena, usamangoti bizinesi yayenda. Mwina ndi anthu akugogoda. Uzikumbukira zimenezo, Mariamu.

Patapita masabata, Amina anayamba kutupa mapazi, tsitsi likufiira n'kumathothoka. Abiti Juma ankati mwana akunenepa. Ine ndinaopa. Ndinayamba kudina pa kamwana kaja m'mawa, masana, madzulo, kumvera mawu omwewo mobwerezabwereza, mwina ndingamve china chimene ndinaphonya. Tsiku lina masana bambo ako akusoka ukonde pansi pa mtengo, foni inalira. Nambala yachilendo. Mawu a mwamuna, aulemu kwambiri. "Kodi ndikuyankhula ndi mayi Esinati? Ndine wa ku kampani ya apu ija. Taona kuti mwakhala mukutsegula kawirikawiri gawo la umoyo wa ana. Timafuna timve ngati likukuthandizani, komanso ngati pali chimene tingakonze."

Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana kukhomo. Ndinamva ngati munthu wandipeza kubafa. Ndinangoti, "Zili bwino, zikomo," n'kudula.

Bambo ako anali ataika ukonde pansi. "Ndani ameneyo?"

"Wa ku kampani ya foni."

"Wa ku kampani akudziwa dzina lako? Akudziwa zimene ukuchita m'nyumba mwanga?"

"Akuti foniyo imawauza."

"Imawauza chiyani china? Imawauza kuti tagona ndi njala? Imawauza pamene pali munda wathu?"

Ndinati sindikudziwa, ndipo zimenezo zinangokolezera moto. Bambo ako si munthu wankhanza, ukuwadziwa, koma njala imafupikitsa mtima. Sindikudziwa chimene chinawalowa kwambiri, nsanje kapena mantha, chifukwa masiku amenewo kunali mbiri ya akuba oimbira anthu mafoni n'kumawatchula maina. Anatenga foniyo, anaizimitsa, n'kuitsekera m'bokosi lawo lachitsulo lija amasungiramo mkanjo wa ku mzikiti. Ndikuuze zoona, tsiku limenelo sindinalimbane nawo. Inenso ndinkaiopa.

Apa ndi pamene mutu wanga umaima, mwanangu. Iwe ukuti uziona manambala okha, opanda nkhope. Nanga bambo woimba foni uja dzina langa analitenga kuti? Kapena makampani amasiyana? Kapena manambalawo ali ndi kachitseko kakumbuyo kamene ena ali ndi kiyi wake? Ukakafika ukafunse zimenezi tsiku loyamba lomwe, usanazolowere. Ukazolowera sudzafunsanso. Ndipo ngati adzakupatsa kiyi ameneyo, usamatsegule chifukwa choti ungathe kutsegula. Munthu amene akudina pa matenda a mwana kapena pa matenda ake obisika sakudziwa kuti pali maso. Ine sindinkadziwa, ngakhale ndinadina kuti ndavomera.

Foni inakhala m'bokosimo nthawi yaitali ndithu. Azimayi ankafika pakhonde, n'kukhala pang'ono, n'kubwerera. Abiti Juma ankafunsa tsiku ndi tsiku ngati Abiti Foni adwala. Ena ochepa a midzi yoyandikana nafe amene anali ndi mafoni a tachi anali atawasinthanitsa kale ndi chimanga. Amina atafooka mpaka kulephera kulira, ndi bambo ako omwewo amene anamukweza panjinga pamodzi ndi agogo ake, iwo akukankha wapansi mpaka kuchipatala. Anamugoneka, anamupatsa chiponde, mapazi anaphwa. Tsiku limene mwanayo anatuluka, ndinapeza foni yanga ili m'lichero, palibe mawu alionse. Ndiko kupepesa kwa bambo ako kumeneko. Ukadzakwatiwa ndi munthu wotere udzaphunzire kukuwerenga.

Ndinakaitchajitsa kwa wometa uja wa magetsi a sola. Nditaiyatsa, apu inati ikufuna kudzikonza kaye. Inazungulira, inazungulira, kenako inatseguka. Chimanga chinalipo. Mtambo unalipo. Kamwana kanalipo. Khutu panalibe. Pamalo pake panali thumba la feteleza ndi mawu oti gulani msanga. Ndinafufuza paliponse, ndinazimitsa n'kuyatsanso, ndinampatsa wometayo, iyenso analephera. Madzulo khonde linadzaza chifukwa mbiri inali itamveka kuti foni yatuluka m'bokosi. Abiti Juma anakonza nsalu yawo monga mwa masiku onse. Ndinawawerengera ndekha, ndikutembenuza ndi Chiyao changa chokhotakhota cha Mlomwe wokwatiwa kwa eni ake. Anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga mayi aja apita kuti? Tinawalakwira?"

Tiyamike ndinakumana naye ku Liwonde pafupi ndi mlatho, akudikira minibasi. Ndinamugwira dzanja n'kumufunsa. Anati, "Mayi, ku ofesi anaona kuti mawu a Chiyao akudinidwa ndi anthu ochepa, kenako anasiyiratu kudinidwa. Kujambula mawu tsiku ndi tsiku n'kodula, ndiye anaganiza zoika mphamvu pa zimene anthu akugwiritsa ntchito."

"Anthu ochepa? Khonde langa linkadzaza mpaka ena kukhala padzuwa."

"Foni imodzi amaiwerenga ngati munthu mmodzi."

"Nanga osawauza bwanji?"

"Ndinalemba, mayi. Kaya zinawerengedwa, kaya ayi. Inenso ntchito yanga ikutha mwezi uno."

Minibasi inabwera, iye n'kukwera. Ndinatsala nditaima pamenepo ndi dengu langa, osadziwa woti ndimukwiyire. Anthu a ku ofesiwo sananame. Foni inalidi chete, zimene anaonazo zinali zoona. Ndikati akanafunsa kaye, ndimakumbukira kuti anafunsa, anandiimbira ndithu mwaulemu, ndipo kufunsa kwawoko ndi kumene kunatsekeretsa foni m'bokosi. Ndiye ndikuuze kuti chiyani, mwanangu? Uzifunsa? Usamafunse? Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Chimene ndapeza n'chakuti mwina pali kafunsidwe kake. Akanatuma Tiyamike kudzakhala pakhonde n'kuona ndi maso, bambo ako akanamupatsa mpando. Koma mwina kutuma munthu kumudzi ulionse n'kosatheka, iwe ndi amene ukudziwa za kumeneko. Ine ndikungoti, ukaona malo amene ankadina asiya, usafulumire kunena kuti sakufuna. Mwina foni ili m'bokosi. Mwina inasanduka chimanga. Mwina mwini wake ali kuchipatala. Chete ali ndi zifukwa zambiri, Mariamu, ndipo pa mzere wako onse azioneka ofanana.

Tsopano gawo limene tinakubisira kwambiri. Njala itafika pachimake, mwezi uja chimanga chatsopano chili pafupi koma chisanakhwime, ndinakwera sitima kupita ku Nayuchi kukasinthanitsa matemba ndi makaka a chinangwa ochokera kutsidya kwa malire. Foni ndinasiyira bambo ako kuti anthu asasowe uthenga. Ukudziwa kuti bambo ako zilembo za ku madrasa amawerenga ngati madzi, koma zathuzi amachita kugwira chimodzichimodzi ndi chala. Kale akanangodina khutu. Uthenga unabwera wonena za lole ya chimanga chotsika mtengo ku Nsanama. Anawerenga malo, anawerenga tsiku, n'kuthamanga kukauza Abiti Juma. Pansi pake panali mzere wina wonena kuti tsikulo lasintha, lole ifika msanga. Mzere umenewo sanaufike.

Abiti Juma anagulitsa mbuzi yawo yomaliza. Anabereka Amina, amene anali asanalimbe miyendo, n'kuuyamba ulendo wapansi. Atafika anapeza bwalo lili pululu, nkhunda zikutola timaso ta chimanga pafumbi. Mlonda anawauza kuti lole inabwera dzulo lake ndipo chinatha dzuwa lisanafike pamutu. Chimanga cha mavenda chinalipo, koma mbuzi yowonda ya m'chaka cha njala sikanagula choti n'kufika nacho patali. Anabwerera ndi kathumba kosadzaza n'komwe.

Ine nditafika kuchokera ku Nayuchi ndinawapeza atakhala pakhomo pawo, mapazi atang'ambika, akuwiritsa chitedze. Ndinawagawira makaka. Bambo ako anapita kukagwada pamaso pawo, munthu wamkulu ngati uja. Iwo anangoti, "Dzukani, Che Musa. Munanama inu? Ndi sala imeneyi." Ukudziwa kuti sala ndi njala m'chiyankhulo cha bambo ako. Sanadandaule za munthu aliyense, ngakhale za foni.

Patangopita masiku ochepa anabwera m'mawa atamanga kamtolo, Amina ali kumbuyo. Anati akupita kwa alongo awo kutsidya kwa malire, kumene anamva kuti chinangwa chilipo. Anatisiyira khasu ndi mtondo kuti tiwasungire, akuti abwera pokolola. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Tinakolola chaka chimenecho, tinakololanso china. Denga la nyumba yawo linagwa ndi mvula, ndipo unaona wekha kuti pamalopo pamera bonongwe. Utafunsa tinakuuza kuti anapita kukaona abale. Sitinaname kwenikweni. Ndikapita ku Nayuchi ndimafunsa amalonda ochokera kutsidya. Ena amati anawaonapo, ena amati a Abiti Juma alipo ambiri, munene mudzi. Mudziwo sindinaufunse dzina, poti ankati abwera.

Kodi khutu lija likanakhalapo akanapita? Sindikudziwa. Mwina njala ikanawathamangitsabe. Mwina akanapeza chimanga cha lole ija n'kudikira mpaka kukolola. Ndikati ndiloze chala kampani, ndimakumbukira lole imene inatipulumutsa chifukwa cha maso awo omwewo. Ndikati ndiloze bambo ako, ndimakumbukira akukankha njinga padzuwa. Ndikati ndiloze mvula, mvula ilibe khutu. Chalacho chimangobwerera m'nsalu.

Ndiye usadabwe kuti tsiku limene unabwera ndi kalata yoti wapeza ntchito, ine ndinaimba nthungululu koma bambo ako anangoti Alhamdulillah n'kupita kunyanja. Sikuti sanakondwe. Anamva kuti mwana wawo akukakhala pampando wa anthu aja amaona osaoneka, ndipo sanadziwe ngati aseke kapena alire. Inenso chimodzimodzi. Tsiku lina ndimati Mulungu wachita bwino kuika pamenepo mwana wakwathu, wodziwa khonde. Tsiku lina ndimati mpandowo udzamusintha, adzayamba kutiona ngati timadontho.

Zina ndi zomwe mayi aliyense amanena. Uzidya, usamangomwa tiyi. Lachisanu kapena Lamulungu, kumene mtima wako udzasankhe, uzipita kokapemphera. Ife sitinakukakamize mbali ndipo sitiyamba lero. Anzako a ku ofesi akamanena kuti anthu akumudzi samva zinthu, usapse mtima, komanso usaseke nawo. Chiyao usachibise. Tsiku lina pamsonkhano wina adzanena kuti tichotse ichi, palibe akuchigwiritsa ntchito. Mwina adzakhala akunena zoona, zinthu zina n'zochotsadi, ngakhale ine ndimazula mbewu imene yakana. Koma usanavomereze, udzafunse kuti ochepa amene akuchigwiritsawo ndi ndani, ndipo chikachoka adzagwira chiyani. Akakuseka, akuseke. Ukaluza, uluze utafunsa. Ndipo ngati n'kotheka, chinthu chisamangozimiririka usiku umodzi ngati mfiti. Muziwatsanzika anthu. Abiti Juma anapita akuganizabe kuti analakwira mayi wa m'foni.

Bambo ako angolowa kumene, manja ali bii ndi girisi. Akuti njinga yakonzeka, chikwama chako adzanyamula okha mpaka pamsewu. Andiona ndikulemba ndipo aima pakhomo. Kenako akuti, "Make Mariamu, mulembemo kuti, popeza ntchito yake ndi yoona anthu m'mafoni, akatiyang'anireko kutsidya. Amina pano ndi wamkulu, mwina pamene akukhala pali foni."

Ndawauza kuti sizimayenda choncho, kuti iwe uziona manambala okha, ndiponso kuti ndangomaliza kukulangiza kuti usamasuzumire anthu. Ayankha kuti, "Lembanibe." Atuluka.

Ndiye ndalemba. Ndikudziwa kuti ndikudzitsutsa ndekha, ndipo ngati n'zoletsedwa usachite, usataye ntchito chifukwa cha ife. Koma ngati pali njira yoyera, yosabisa, sitikufuna kudziwa mudzi, kapena chimene akudya, kapena pamene akudina. Ungotiuza kuti ali moyo.

Uyende bwino, mwanangu. Ukafika uimbe, foni ikhala ili m'manja.

Ndine mayi ako,
Esinati